Mabungwe omwe si aboma m'sukulu za boma: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amabwera kawirikawiri pa misonkhano ya makolo, ya makomiti a sukulu ndi ya kukhonsolo, bungwe lomwe si laboma likafuna kugwira ntchito ndi sukulu ya boma. Mayankho ake alembedwera aphunzitsi aakulu, mamembala a makomiti, mafumu, makolo komanso ogwira ntchito m'mabungwemo.

Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Nanga nkhani ya mwayi wofanana ikuchokeranso pati?

Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana adakhamukira kusukulu, koma zipinda, aphunzitsi ndi mabuku sizidachuluke pa liwiro lomwelo, ndipo kupereweraku tikadali nako. Lamulo la maphunziro la 2013 lidanenanso kuti mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale. Komatu lamulo silimugulira mwana kope, ndipo silimufupikitsira mtunda.

Taganizirani ana awiri a Sitandade 3. Wina amakhala kuseri kwa sukulu ya pa boma, amachoka kunyumba atamwa tiyi, ndipo Chichewa cha m'buku ndi chomwe amayankhula kwawo. Mnzakeyo amadzuka mbandakucha, amawoloka mtsinje womwe umasefukira mu Januwale, kwawo amayankhula Chiyao kapena Chisena, ndipo tsiku la msika amajomba kuti akagulitse nkhuni. Onse awiri salipira fizi. Mukawagawira pensulo imodziimodzi mwagawa mofanana, koma wachiwiriyo akadali m'mbuyo momwe analili. Mwayi wofanana womwe tikunena pano ndi woti thandizo lichuluke komwe zopinga zachuluka: kwa mwana wa kutali, wosauka, waulumali, wamasiye, ndi mtsikana yemwe akukankhidwira kubanja. Mgwirizano wa bungwe ndi sukulu uyesedwe ndi mwana ameneyo. Ngati iye akadali panja, ntchito sinagwirike, ngakhale malipoti atakongola bwanji.

Ntchito ya boma ndi iti, ya bungwe ndi iti?

Sukulu ndi ya boma ndi anthu a m'deralo. Kulemba ntchito aphunzitsi, kuwalipira ndi kuwatumiza m'sukulu ndi udindo wa boma. Silabasi ndi mabuku zimachokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso amayendetsa ndi MANEB, ndipo ndalama yotukulira sukulu, ija ambiri amaitchula kuti SIG, imadzera kukhonsolo. Bungwe limalowa pomwe dzanja la boma silikufika kapena likuchedwa kufika: chakudya, zimbudzi, zipangizo za ana aulumali, kulondola ana omwe asiya sukulu, kuyesa njira yatsopano m'sukulu zochepa boma lisanaitenge.

Bungwe lisabwere ndi silabasi yakeyake, lisasinthe ndondomeko ya nthawi ya maphunziro popanda chilolezo, ndipo lisakhazikitse komiti ina pambali pa komiti ya sukulu, PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) ndi Mother Group (gulu la amayi oyang'anira maphunziro a atsikana) zomwe zilipo kale. Komiti ya pulojekiti imafa tsiku lomwe pulojekiti yatha, ndipo imasiya makomiti enieni atafooka chifukwa kwa zaka zitatu palibe ankawafunsa kanthu.

Ndi migwirizano iti yomwe tingaphunzirepo kuno kwathu?

Ilipo yambiri, ndipo siifanana. Mary's Meals idayamba ntchito yake yodyetsa ana ku Malawi konkuno mu 2002, ndi ana 200 okha, ndipo tsopano ana opitirira miliyoni imodzi amamwa phala lake m'dziko muno. Bungweli limabweretsa ufa, anthu a m'mudzi ndiwo amaphika mongodzipereka. CAMFED, yomwe idayambira ku Zimbabwe mu 1993 n'kufika ku Malawi mu 2009, imalipirira atsikana zofunika za kusekondale, ndipo omwe adathandizidwa kale amabwerera m'sukulu kukalimbikitsa azing'ono awo. DAPP ili ndi makoleji osula aphunzitsi a kumudzi ku Chilangoma, Amalika, Dowa ndi Mzimba. FAWEMA ndi CRECCOM akhala akugwira ntchito ndi makolo ndi mafumu pa maphunziro a atsikana kwa zaka zambiri. CSEC ndi mgwirizano wa mabungwe womwe umalondola bajeti ya maphunziro ndi kukumbutsa boma malonjezo ake.

Tisaiwale mipingo. Sukulu zambiri zomwe timazitchula kuti za boma zili pa malo a mishoni, eni ake ndi Akatolika, masinodi a CCAP, Anglican, Adventist, Asilamu ndi ena, pomwe aphunzitsi amalipidwa ndi boma. Uwu ndiwo mgwirizano wakale kuposa yonse, ndipo bungwe lomwe lalowa pa sukulu yotero osaonana ndi eni ake limadzakumana ndi mavuto pa nkhani ya malo likayamba kumanga.

Bungwe likafuna kuyamba ntchito, limagogoda makomo ati?

Choyamba likhale lolembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe yomwe kale inkatchedwa NGO Board. Mabungwe ambiri amakhalanso mamembala a CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma. Kenako lisainirane chikalata cha mgwirizano ndi Unduna wa Zamaphunziro ngati ntchito yake ikukhudza maboma angapo kapena zomwe ana amaphunzira m'kalasi.

Kuchoka apo ndi kukhonsolo. Bungwe limayamba lakambirana ndi ofesi ya zamaphunziro, ija timaidziwa kuti kwa a DEM, kenako limakafotokoza ntchito yake ku DEC, msonkhano wa akuluakulu a nthambi zonse womwe amatsogolera bwanamkubwa. DEC ikavomera, nkhani imatsikira ku komiti ya chitukuko ya ADC kwa mfumu yaikulu, ku ya VDC kwa agulupu, kwa a PEA, omwe ndi mlangizi wa sukulu za pulayimale za m'zoniyo, n'kumalizira kwa mphunzitsi wamkulu ndi makomiti ake.

Njirayi imatenga milungu, nthawi zina miyezi, ndipo ena amaidumpha. Akaidumpha, mabungwe awiri amapezeka akumanga zimbudzi pa sukulu imodzi pomwe sukulu ya kuseri kwa phiri ilibe ndi chimodzi chomwe. Inu ahedi, mlendo akafika ndi galimoto n'kunena kuti akufuna kuthandiza, mulandireni bwino, koma mufunseni kalata ya kukhonsolo ndipo muwadziwitse a PEA tsiku lomwelo.

N'chifukwa chiyani sukulu za m'mbali mwa msewu ndizo zimakhala ndi zikwangwani za mabungwe zambiri?

Chifukwa n'zosavuta kufikako, n'zosavuta kutengerako alendo, ndipo mafuta a galimoto amachepa. Apa ndi pomwe mwayi wofanana umayambira kuphwanyidwa, ntchito isanayambe n'komwe.

Sukulu zisankhidwe ndi manambala omwe ali kale ku ofesi ya zamaphunziro: ana angati pa mphunzitsi mmodzi, ana angati pa chipinda chimodzi, angati akubwereza, angati asiyira panjira, mtunda wochoka pa TDC (likulu la zoni, pomwe aphunzitsi amakumanirana), ndi mabungwe angati omwe alipo kale. Mulingo womwe boma limafuna ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma manambala a boma lonse amabisa zambiri. M'boma limodzi lomwelo mupeza sukulu ya pa tauni ili ndi aphunzitsi otsala, ya kumapeto kwa zoni mphunzitsi mmodzi ali ndi ana opitirira 100 mu Sitandade 1. Choncho yang'anani sukulu imodziimodzi, ndiponso kalasi imodziimodzi. Mfundo zosankhira zilembedwe mayina a sukulu asanatchulidwe, kuti phungu kapena khansala asapeze mpata wolowetsa ya kwawo. Ndipo bajeti ivomereze kuti kufika kutali kumadula: njinga yamoto, bwato kapena ngolo ziwerengeredwe kuyambira pachiyambi.

Mu chikalata cha mgwirizano wa pa sukulu muzikhala chiyani?

Chikhale chachifupi, masamba awiri kapena atatu, m'chiyankhulo chomwe komiti imamva. Chinene zomwe bungwe libweretse ndi kuchuluka kwake, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, zomwe makolo apereke, yemwe asunge makiyi, yemwe akonze chinthu chikawonongeka ndi komwe ndalama yokonzera ichokere, komanso mwini wa katundu ntchito ikatha. Chinenenso komwe munthu angakadandaule osadzera kwa wogwira ntchito wa bungwelo. Asainire ahedi, wapampando wa komiti ya sukulu, mfumu ndi a PEA, ndipo kope limodzi la chikalatacho limatidwe pa bolodi pomwe kholo lililonse lingawerenge.

Tikufuna kuyamba kuphika phala. Tiwerengetse chiyani?

Yambani ndi ana omwe amabweradi, osati omwe ali m'kaundula okha. Tiyerekeze kuti sukulu ili ndi ana 800 ndipo mwana aliyense alandira magalamu 100 a ufa wa likuni phala pa tsiku. Ndiye kuti pa tsiku pakufunika makilogalamu 80, pa sabata 400, omwe ndi matumba 16 a makilogalamu 25. Teremu ya masabata 13 idya makilogalamu 5,200. Onjezeranipo pang'ono, chifukwa phala likangoyamba ana amachuluka: omwe adasiya amabwerera, a sukulu yoyandikana amasamukira kwanu, ndipo tiana tosakwana zaka 6 timatsatira akulu awo. Walira mvula walira matope. Mukapanda kukonzekera zimenezi ophika amangothira madzi ambiri, ndipo phala limasanduka chakumwa chosagwira m'mimba. N'chifukwa chake ndi bwino kudyetsa sukulu zonse za zoni imodzi kusiyana ndi kutola imodzi pakati pa zinzake.

Ufa usungidwe pa matabwa, osagunda khoma kapena pansi, m'chipinda chouma chopita mphepo. Matumba omwe adabwera koyamba atuluke koyamba. Buku la sitoko lisainidwe ndi anthu awiri tsiku lililonse, mphunzitsi mmodzi ndi wa komiti mmodzi, ndipo makiyi asakhale ndi munthu mmodzi.

Zomwe zimagwetsa ntchitoyi kawirikawiri si ufa ayi, koma nkhuni, madzi ndi ophika. Midzi igawane masiku, ndipo ndondomekoyo ikonzedwenso nthawi yodzala ndi yopalira, pomwe amayi amatanganidwa kumunda. Mbaula zosatha nkhuni ndi kamunda ka mitengo ka sukulu zimachepetsa mkangano wotuma ana kubwera ndi nkhuni. Phala lipse ana asanalowe m'kalasi, apo ayi limadya nthawi ya maphunziro. Pakhale madzi ndi sopo wosambira m'manja ndi kutsukira makapu. Sitinaiwale kuti mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera.

Komwe sukulu imalandira ndalama n'kumagula yokha kwa alimi a m'deralo, monga momwe bungwe loona za chakudya la WFP limachitira m'maboma ena, gulani chimanga, soya ndi mtedza nthawi yokolola mitengo ili pansi, ndipo kanani chilichonse chachuku. Ngati ndalama sizikukwana chaka chonse, tetezani teremu yachiwiri. Januwale mpaka Marichi ndiyo miyezi yomwe njala imatulutsa ana m'kalasi.

Nanga thandizo la fizi ndi zofunika za kusekondale, ana amasankhidwa bwanji kuti pasakhale kukondera?

Asasankhe munthu mmodzi. Pakhale komiti yokhala ndi aphunzitsi, makolo, Mother Group, nthumwi ya mfumu ndi wa ofesi yosamalira anthu. Mayina akatoleredwa, anthu awiri apite kunyumba kwa mwana aliyense kukaona okha: amakhala ndi ndani, amadya kangati, adajombapo chifukwa cha chiyani. Wa komiti yemwe mbale wake ali pa mndandanda atuluke panja pokambirana dzinalo. Samalaninso ndi kusankha ana anzeru okhaokha. Mwana yemwe wakhoza mayeso a Sitandade 8 a PSLCE movutikira chifukwa ankagona ndi njala ndiye woyenera thandizolo kwambiri.

Fizi ndi gawo chabe la mtolo. Ngakhale itachotsedwa yonse, mwana amafunabe yunifolomu, nsapato, makope, zolembera, sopo, mapadi, ndalama ya ulendo ndi ya malo ogona. Thandizo loperewera limamufikitsa mwana pakati pa mtsinje n'kumusiya pomwepo. Ndi bwino kuthandiza ana 20 mokwanira kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4 kusiyana ndi ana 60 kwa chaka chimodzi. Ndalama za sukulu zilowe mu akaunti ya sukulu teremu isanayambe ndipo risiti iperekedwe kwa mwana, chifukwa zikachedwa wobwezedwa kunyumba ndi mwanayo, osati bungwe.

Ana ambiri a ku sekondale zoyendera za CDSS amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, n'kumadziphikira okha popanda wamkulu wowayang'anira. Atsikana ambiri amatengera mimba kumeneko, ufa ukatha pakati pa mwezi. Bungwe lomwe likulipirira mtsikana liyenera kudziwa komwe amagona. Anyamata nawonso asaiwalike, makamaka m'madera a kunyanja ndi a fodya komwe usodzi ndi ganyu zimawachotsa m'kalasi.

Mtsikana akatenga mimba kapena akakwatiwa, mgwirizano ungachitepo chiyani?

Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka idakhazikitsidwa mu 1993, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mafumu ena, monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, adatchuka pothetsa maukwati a ana. Koma kuthetsa ukwati ndi tsiku limodzi, kumusunga mtsikanayo m'kalasi ndi zaka. Amafuna womulerera khanda nthawi ya sukulu, chakudya cha anthu awiri, thandizo la maphunziro omwe adamudutsa, ndi mphunzitsi wamkazi yemwe angamuuze zakukhosi. Ngati anzake akumunyoza, aloledwe kusamukira ku sukulu ina. Apa Mother Group ndiyo imagwira ntchito yaikulu, ndipo bungwe lanzeru limailimbitsa ndi maphunziro, njinga yoyendera m'midzi ndi kabizinesi kopezera sopo ndi makope, m'malo moipatsa mayunifolomu okha ovala pobwera alendo.

Zimbudzi zikukhudzanso nkhaniyi. Mulingo wa WHO ndi chimbudzi chimodzi pa atsikana 25, ndi chimodzi pamodzi ndi pokodzera pa anyamata 50. Sukulu zambiri zili kutali ndi mulingowu. Chipinda chosinthira cha atsikana chikhale ndi chitseko chotsekera m'kati, ndowa ya madzi, sopo ndi potayira, ndipo chisakhale poti mtsikana akamalowa bwalo lonse likumuona. Kiyi asasungidwe ku ofesi ya mphunzitsi wamwamuna, chifukwa palibe yemwe angakapemphe. Mapadi ochapa amafuna kabudula wa m'kati, sopo ndi poyanika, ndipo kuwagawa popanda zimenezi n'kutaya nsalu.

Ana aulumali amatchulidwa m'malipoti onse. Chenicheni chofunika n'chiyani?

Choyamba n'kuwapeza. Ambiri sali m'kaundula wa sukulu, ali kunyumba. Ena ali m'kalasi momwemo koma amatengedwa ngati ogona, chonsecho vuto ndi maso kapena makutu. Kuyeza maso ndi makutu kumayambiriro kwa chaka, mogwirizana ndi a zaumoyo, kumapulumutsa ana ambiri pa mtengo wochepa.

Aphunzitsi a maphunziro apadera amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, koma ndi ochepa, ndipo mmodzi amayendera sukulu zingapo. Kumuthandiza ndi mayendedwe kumaposa kugula zipangizo zomwe palibe wodziwa kuzigwiritsa ntchito. Pomanga, njira ya njinga ya olumala isakhale yotsetsereka kwambiri: pa masentimita 10 aliwonse okwera, italike mita imodzi ndi masentimita 20. Khomo likhale la masentimita 90, ndipo chimbudzi chimodzi chikhale ndi mpando ndi zogwirira. Njinga yokhayo imafuna wokonza ndi matayala, ndipo mwana akamakula imamuchepera.

Mwana wachialubino akhale kutsogolo, kutali ndi kuwala kwa pa windo, apatsidwe zolemba za zilembo zikuluzikulu, aloledwe kuvala chipewa ndi malaya aatali manja, ndipo pakhale anzake oyenda naye popita ndi pobwera. Mwana wofuna mayeso a Braille kapena a zilembo zikuluzikulu adziwike ku MANEB nthawi yolembetsa, osati sabata ya mayeso. Pokonza zonsezi funsani eni ake, mabungwe a anthu aulumali: FEDOMA, MANAD (la osamva), APAM (la achialubino) ndi Malawi Union of the Blind (la osaona).

Bungwe lidatimangira buloko yokongola, koma zotsatira sizidasinthe. Chidalakwika n'chiyani?

Nthawi zambiri n'kusowa kwa mphunzitsi woti aime m'chipindamo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanayike maziko, ofesi ya zamaphunziro inene ngati itumize aphunzitsi, ndipo dzifunseni ngati aphunzitsiwo akhale. Ku sukulu za kutali, nyumba ya mphunzitsi yokhala ndi sola ndi mjigo pafupi imasintha zinthu kuposa chipinda china chophunziriramo, makamaka ngati mukufuna aphunzitsi aakazi. Onaninso omwe alowe m'buloko yatsopanoyo. Mwachizolowezi imapatsidwa kwa Sitandade 7 ndi 8, pomwe a Sitandade 1 ndi 2, omwe ndi ochuluka ndiponso akuphunzira kumene kuwerenga, amatsala pansi pa mtengo.

Pa kamangidwe, tsatirani mapulani a Unduna. Kuyambira 2018 malamulo salola njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, choncho makolo asaumbitsidwe njerwa zomwe zidzakanidwe. Akhoza kututa mchenga, miyala ndi madzi. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 adaonetsa kufunika kwa maziko okwera, denga lomangiriridwa bwino ndi kupewa malo a m'chigwa. Gawo lina la malipiro a kontirakitala lisungidwe mpaka nyumbayo itadutsa dzinja limodzi. Ndipo mwana asabwezedwe kunyumba chifukwa kholo lake silidabwere ku chitukuko. Nkhani imeneyo ndi ya kwa mfumu, si ya mwana.

Matabuleti akuthandizadi, kapena ndi zongosangalatsa ana?

Amathandiza akagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Pulogalamu ya onebillion, yomwe ili m'Chichewa ndipo safuna intaneti, idayesedwa kwa zaka zingapo m'sukulu zathu kudzera ku bungwe la VSO. Mu 2023 Unduna udayambitsa ndondomeko ya matabuleti ya BEFIT mogwirizana ndi Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, cholinga chili kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za boma. Ubwino wake ndi woti mwana aliyense amayenda pa liwiro lake, zomwe mphunzitsi wa ana 100 sangakwanitse.

Vuto limagona pa zinthu zing'onozing'ono. Zomvetsera za m'makutu zimaduka msanga, mabatire a sola amafooka mitambo ikachuluka, ndipo chipinda chosungira chikakhala chopanda chitseko cholimba akuba salephera. Ahedi ena, poopa kuti zikawonongeka adzafunsidwa, amangozikhomera m'kabati. Chikalata cha mgwirizano chinene poyera kuti tabuleti yowonongeka pogwira ntchito si mlandu, ndipo chinene yemwe aikonze ndi masiku omwe zitenge. Powagawa magulu, ana ojombajomba ndi ovutika kuwerenga asakhale omalizira.

Aphunzitsi ndi makomiti azilandira alawansi?

Abwezeredwe ndalama ya ulendo ndi chakudya pa mulingo womwe mabungwe ndi khonsolo adagwirizana, basi. Mabungwe akamapikisana pa alawansi, anthu amasankha msonkhano potengera envulopu, ndipo ntchito yopanda envulopu imaima. Maphunziro a aphunzitsi achitikire pa TDC kapena pa sukulu pomwepo, nthawi ya tchuthi kapena masana ana ataweruka. Mphunzitsi yemwe wapita ku msonkhano wa masiku asanu wasiya kalasi yonse kwa sabata.

Ana atetezedwa bwanji kwa ogwira ntchito a bungwe lomwelo?

Wogwira ntchito kapena mlendo asakhale yekha ndi mwana m'chipinda kapena m'galimoto. Zithunzi zijambulidwe makolo atavomera, ndipo mwana asaonetsedwe ngati chitsanzo cha umphawi pa msonkhano wa sukulu. Ana auzidwe momveka kuti thandizo silifuna malipiro a mtundu uliwonse. Nkhanza ikachitika isathere kwa mfumu kapena mu ofesi ya ahedi: ipite ku Victim Support Unit ya polisi ndi ku ofesi yosamalira anthu. Nambala yaulere ya 116 ilembedwe pomwe ana amaiona.

Tidziwa bwanji kuti mgwirizano ukupindula?

Musawerenge misonkhano, anthu ophunzitsidwa kapena makope ogawidwa. Werengani ana. Fikani mosadziwitsa, tsiku la msika mu Febuluwale, muwerenge mitu m'kalasi n'kuyerekeza ndi kaundula. Tengani ana khumi a Sitandade 2 kapena 4 mwachisawawa, osati omwe mphunzitsi wakusankhirani, aliyense awerenge ndime kwa mphindi imodzi, mulembe mawu omwe wawerenga molondola, n'kumufunsa zomwe wamva. Bwerezani zomwezo pakutha pa chaka.

Manambala onse agawidwe: anyamata ndi atsikana, aulumali, a midzi ya kutali. Sukulu ikhoza kukwera pomwe ana otsalira akutsikirabe. Samalani kwambiri ndi chiwerengero cha okhoza PSLCE. Sukulu ina imaoneka kuti yakhoza bwino chifukwa ofooka adabwerezedwa mu Sitandade 7 kapena adalekeratu. Funsani kuti mwa ana omwe adali mu Sitandade 5 zaka zitatu zapitazo, ndi angati omwe alemba mayeso chaka chino, ndipo enawo ali kuti. Zotsatira zibwerere kwa makolo pa msonkhano wa PTA, zisangopita kwa opereka ndalama.

Pulojekiti ikatha, kapena ndalama zikaduka mwadzidzidzi, chimatsala n'chiyani?

Chimatsala ndi chomwe chidakonzedwa tsiku loyamba. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lambiri la USAID, bungwe lomwe lidathandiza kwambiri ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga kuyambira 2016. Ntchito zambiri zidaima popanda nthawi yotsanzikana. Zomwe zidalowa kale m'silabasi, m'mabuku a boma ndi m'manja mwa aphunzitsi zidapitirira. Zomwe zinkadalira galimoto ndi malipiro a pulojekiti ndizo zidavutika.

Choncho chaka choyamba chomwecho, bungwe ndi komiti alembe mtengo wa pa chaka wa chinthu chilichonse: sopo, zipangizo za mjigo, batire ya sola, kupopa kapena kukumba chimbudzi china, malipiro a mlonda. Zomwe SIG ingakwanitse zilowe m'pulani yotukulira sukulu. Zomwe singakwanitse zipite kukhonsolo nthawi yokonza bajeti isanadutse, ndipo ngati palibe yemwe angazinyamule, ndi bwino kuchepetsa ntchitoyo pachiyambi pomwe. Thandizo lizitsika pang'onopang'ono, mwachitsanzo lonse zaka ziwiri zoyamba, theka chaka chachitatu, kuti komiti iyambe kuyendetsa bungwe likadalipo.

Miyezi isanu ndi umodzi ntchito isanathe, makolo auzidwe tsiku lenileni lomaliza. Katundu yense awerengedwe pamaso pa a PEA, alembedwe m'buku la katundu wa sukulu, ndipo makiyi, mapepala a chitsimikizo cha zipangizo ndi nambala ya mmisiri wa mjigo ndi wa sola ziperekedwe kwa komiti. Ndalama ya ana omwe ali pakati pa sekondale ipatulidwe padera kuyambira tsiku lomwe adasankhidwa, kuti wa Fomu 2 akafike ku MSCE ngakhale ofesi ya bungwe itatsekedwa.